Mvula ya m'kabotolo kanu

Bambo a Zélia,

Ndathamangira ku Lifidzi kukaletsa alamu anu aja mwawaitana kuti mawa adzatithandize kubzala chimanga. Musakwiye. Mvula ija mwalemba m'kadereno mwanu m'mawa uno, mamilimita makumi anayi, ndinagwetsa ndine.

Kabotolo kanu koyezera mvula kanadzaza fumbi ndi zitosi za mbalame pamtengo paja munakakhomera. Dzulo madzulo ndinakatsuka, koma mbuzi zitalowa m'dimba ndinaiwala kutaya madziwo. Ndimati ndikuuzeni, koma munali kale pa telefoni kulengezera anzanu onse kuti dzinja layamba. Nditati taonani fumbi pabwalopa, munandiyankha kuti chipangizo chochokera ku Tete sichinama.

Mbewu ndabisa, musadzivute kuisaka. Koyezera mphepo kaja sindinakakhudze, kakungozungulira zake. Aimbireni anthu aja asanakwirire nyemba zawo m'fumbi, makamaka aNatanael, amene amakukhulupirirani kuposa wailesi.

Pepani ndithu. Ikadzagwa yeniyeni ndidzakuuzani ndine, poti podontha paja padenga palunjika mbali yanga ya kama.

Rosária