Besi ya Malemu Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno ku Kaomba tilipo, koma mayi miyendo ikuwavutabe. Makuponi a feteleza sanafike.

Lamlungu aphunzitsi a kwaya yathu anabweretsa kompyuta yoimba ngati munthu, kuti itseke malo a besi amene malemu bambo anasiya. Inaimba bwino, mawu ake analowana ndi athu osadziwika kuti ndi makina. Mukukumbuka mmene bambo ankakokera mawu mwa Chitumbuka, ife n'kumadandaula kuti akutisokoneza? Ine ndime yachiwiri inandikanika kuimba. Titatuluka m'tchalitchi, mayi anangoti, "Nyimbo yakoma, koma bambo anu mulibemo."

Chonde titumizireni nyimbo ija munawajambula bambo akuimba pa ukwati wanu. Tikufuna tiwamvenso akutisokoneza.

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Eliza