"Inde" Wako Sanaphe Munthu

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu. Ndagwira cholembera chifukwa foni sukuyankha, ndipo ndikudziwa chimene chikukudya.

Paja tsiku limene bambo anagwa ndi sitiroko m'shopu yawo yometera, adokotala anati alipo mankhwala osungunula magazi amene anaundana mu ubongo, koma ena akawalandira amakha magazi m'mutu. Anafuna kuti achibale tivomereze kaye, koma ine ndi amayi tinalephera kusankha. Tinakuimbira, iwe n'kuti inde, awapatse. Utamva kuti magazi akhadi, unangoti zii mpaka lero.

Tamvera tsono zimene sunazione. Mankhwala atalowa, dzanja lawo lamanja lomwe linali lende linandifinya chala. Ndinalira ngati mwana! Kenako anayamba kugwira mutu n'kusanza. Namwino wina wamfupi, wolongolola, anatseka diripi pomwepo, n'kukankha bedi yekha kukawajambulitsa mutu. Magaziwo anawapeza asanachuluke, n'kuwaletsa. Mayi ameneyo ndimamutchula m'pemphero tsiku lililonse.

Sindikubisira, chilema chatsala. Za mbali ya kumanja saziona, ndipo mawu amatuluka limodzilimodzi. Koma akuyenda, akudya okha, akutikalipira ngati kale. Sabata yatha anaumirira kumeta alamu ako. Anawameta bwinobwino mbali imodzi, n'kukutumula thaulo, ati wotsatira abwere. Alamu ako, ulemu wawo uja, anathokoza n'kuvala chipewa. Titawauza bambo, anaseka mpaka kutsamwa.

Ndiye ine ndikuti zikomo, mlongo wanga. Mawu aja anali olemera, ife awiri anatikanika, iwe unawasenza wekha uli kutali. Palibe akukuloza chala kuno.

Chimene chikundiwawa ndi ichi. Bambo amaganiza kuti wasiya kuimba chifukwa kulankhula kwawo kumakutopetsa. M'mawa uliwonse amakhala pagalasi lometera lija, n'kumabwereza moni wako kuti ukadzaimba asadzakuchedwetse. Dzulo ndinawapeza akulimbana ndi mayina a ana ako, thukuta lili kamukamu. Mtima sunandilole, ndinawauza chifukwa chenicheni.

Atamva, anati ndikuuze kuti ndiwe chitsiru. Anati tsiku lija ankamva zonse zimene adokotala ankanena, ndipo m'mtima ankakuwa kuti inde, koma pakamwa panakana. Atamva mawu ako pa foni, anadziwa kuti anabereka.

Chonde imba, ngakhale ulibe chonena. Iwo ali nazo zambiri, ungowadikira amalize.

Amayi akupereka moni. Undiperekere moni kwa alamu anga ndi adzukulu a bambowo. Mulungu akusunge, akupatsenso tulo.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene unkamuopa uli mwana