Makadi Awiri pa Chingwe cha Msika

Amayi, kumene muliko zikuyenda bwanji? Ife kuno tilipo. Chimanga cha kudimba ku Rivirivi chinabereka, koma thonje linagwa mbozi, sitinapatepo kanthu. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa ana awiri.

Esinati, chitsiriziro chanu, wachira mwezi wathawu, mwana wamwamuna. Ine sindinamuonebe, ndipo n'chimene ndakulemberani.

Mutangotisiya, a chipani anandisankha kuti ndiziima pa chingwe cha msika wa Phalula, kuona makadi a chipani kwa olowa, ati poti ndimatha kulemba. Anandipatsa malaya ofiira. Kukana iyayi, akanati ndine woukira. Poyamba ndinkayang'ana pansi ndi manyazi. Koma malaya amenewa, Amayi, ali ndi pakamwa pawo. Ine yemwe uja ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe kukabwera alendo, lero ndimakhazika padzuwa azibambo aimvi, anzanga n'kumaseka, ine n'kumamva kukoma. Paja munkati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu.

Loweruka lina Esinati anabwera ndi dengu la tomato, mimba ili apa! Anaonetsa khadi lake. Koma pachingwepo timati wapakati azikhala ndi awiri, lina la wam'mimba. Anzanga onse maso anali pa ine, kuti aone ngati ndimulekerera poti ndi mlongo wanga. Ndinangodzimva ndikukuwa kuti awiri. Anagwada pafumbi, Amayi, ndi mimba yonse ija, n'kumasula mfundo ya chitenje kuti agule khadi lachiwirilo, akunditchula kuti abwana. Pa khadi pamafunika dzina, ine mofulumira ndinangolembapo kuti Mwana. Chichokereni tsikulo sananditchulenso kuti achimwene.

Mwanayo anatuluka m'chikuta Lachitatu lapitali. Atsibweni ake ndine, dzina ndimayenera kutcha ine, koma sanandiitane. Nditatuma mlamu wanga, bambo a mwanayo, kukafunsa, Esinati anayankha kuti abwana anamutcha kale pachingwe.

Zandipweteka, Amayi, ndipo ndasowa pogwira. Munkati ubale ndi fupa suola. Kaya munkanenanso ubale wa munthu ngati ine. Malaya aja ali pamsomali apa. Sindikunamizani kuti ndiwabweza, Loweruka likubwerali ndiwavalanso, ndimaopa. Chomwe ndikulonjeza n'chakuti Lamulungu ndipita kwa Esinati nditavala malaya achigamba munandisokera aja. Ndikakhala pansi kunja kwa khomo mpaka anditulutsire mwanayo, kaya andithamangitse.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu, ngati mukundizindikirabe,
Layitoni