Kagalasi Kojambulira Diso la Amayi

Johannesburg,
12 Juni 2024

Okondedwa achemwali a Magadalena,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ku Lobiko, inu ndi alamu. Nanga amayi, chifuwa chija chinawasiya? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima sukukhala pansi.

Mukumukumbukira wojambula uja ankabwera pa njinga tili ana? Amayi anamudikiritsa mpaka dzuwa kupendeka, akufunafuna duku lawo la kutchalitchi. Atakhala pampando, ife titaima m'mbali, bamboyo akuti ajambule, iwo n'kuphethira. Chithunzi chawo chokhacho chimene ndinabwera nacho kuno ndi chimenecho, ali chitsinzinire. Ndachiyang'ana zaka khumi ndi chimodzi.

Zithunzi za diso lawo zimene munatumiza pa foni ndinaziona. Ndinayamba ndaseka, ndisaname. Mphuno yatupa ngati mbatata ya kachewere, makutu athawira kumbuyo, diso lenilenilo osaoneka. Sindikudabwa kuti mutawafotokozera anakwiya n'kukana kujambulidwanso. Wolakwa ndine, ndinatumiza timagalasi topana pa kamera ya foni tija popanda kulongosola.

M'kathumbamo timaoneka tiwiri, koma tilipo titatu. Kotukumuka ngati diso la nsomba ndi kamene kanatupitsa amayi, kasiyeni ana azisewera nako. Kenako ndi tiwiri tomangana. Masulani ngati mukutsegula botolo, kakakulu kapamwamba muike padera. Kakang'ono kotsalako ndi kamene kamaona zinthu zapafupi. Chotsani kava ya foni, mukapane ngati mukupana chovala pachingwe, ndipo kakhale pakati penipeni pa kamera. Mukaona mdima m'makona ndiye kuti kapendekera.

Muwajambule m'mawa pakhonde, osayatsa kuwala kwa foni. Chigongono chitsamire patebulo, muyandikire mpaka patsale mpata wa zala ziwiri, koma osawagunda. Yambani mwayeserera pa nyemba. Mukaona bwinobwino kabowo kofumbwa, mwakhoza.

Inetu ndagula tanga kuti ndidziwe chimene ndikukuuzani. Nthawi yopuma kuntchito yosamalira maluwa ija ndimangojambula nyerere, masamba, diso langa, ngakhale diso la galu wa abwana. Anzanga akuti mutu wayamba kundizungulira. Dzana ndinadulira maluwa amene abwana anandiuza kuti ndisawakhudze.

Chandisowetsa mtendere ndi zimene munanena zija, kuti amayi posankha nyemba akumataya zabwino n'kusiya timiyala. Amayi omwe aja ankaona kamwala m'lichero ali chiimire? Mayi Nomsa, namwino wa maso amene timapemphera naye, akuti chithunzi si dokotala, komabe chikakhala chooneka bwino angathe kutiunikira. Ngati ndi ng'ala, akuti imachotsedwa ndipo masabata ochepa si vuto. Ngati ndi china, akuti musadikire munthu, muthamange nawo kuchipatala. Ndiye tsiku lililonse limene likudutsa popanda chithunzicho ine ndimangoyendayenda.

Pempho langa ndi limodzi, achemwali. Anyengerereni. Ine pafoni amangondiuza kuti akuona bwino, ndisataye nthawi ndi nkhalamba. Inu amakumverani. Muwauze kuti chithunzicho sichipita kwa anthu, ndipo mphuno yawo simuonekamo. Akafuna duku, adikireni alipeze, ngakhale dzuwa lipendeke.

Mundiperekere moni kwa alamu a Zikhalo, kwa amalume ku Kasina, ndi kwa Sophie ndi ana ake. Azakhali muwauze kuti mankhwala opaka miyendo aja sindinaiwale.

Nkhani ina ndaisunga kumapeto. Msuweni wathu Rafaelo wa ku Lilongwe watipezera tsiku kwa dokotala wa maso, Lachiwiri pa 23 Julayi. Abwana nawonso andilola kubwera kumudzi, patatha miyezi itatu akungoti tiona. Ndidzatsikira pa Chimbiya Loweruka la pa 20, ndipo ndidzawaperekeza ndekha. Koma a Nomsa akadzati n'zachangu, inu tsogolani, ine ndidzakupezani komweko.

Kalatayi muwawerengere amayi yonse, ndi za mbatata zomwe, mwina aseka. Muwauze kuti ulendo uno asatsinzine. Ndamera imvi, ndipo ndikufuna adzazione okha.

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Kizito