Mukudziteteza kwa Ndani, Mayi?

Lolemba, 3 Malichi

Abwana athu kuno ku famase timawatcha Abusa, chifukwa ngakhale panado amapereka ndi ulaliki. Lero mutu unali PrEP, mapilitsi amene munthu wopanda HIV amamwa kuti asatenge. Ati kumeneko n'kupatsa anthu laisensi ya chiwerewere. Ndaseka nawo, ine mayi wa digiri.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndili kustolo ndikusanja makatoni, ndamva mawu odziwika pawindo. Alamu anga, akazi a achimwene. Kalata ya adokotala ili m'manja, magazi ayezetsa, kachilombo alibe. Akufuna PrEP.

Abusa, mokweza kuti mzere wonse udyerere: "Mphete ili pachala, mukudziteteza kwa ndani, mayi? Mubwere ndi bambo akunyumba."

Lamulo limenelo kulibe. Ndikudziwa, phunziro lake ndinakhoza bwino zedi. Koma ndangobisala kuseri kwa makatoni mpaka alamu atapita.

Lachitatu, 5 Malichi

Kwa ndani? Ntchito lero sinagwirike.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndalemba dzina la achimwene m'kompyuta. Sitiloledwa, eya, ndimangeni. Lilimo. Anayamba ma ARV chaka chatha kunthambi yathu ina, kutali ndi mlongo wawo wamaso ambirine. Anatenga katatu, n'kusiya. Miyezi isanu tsopano.

Ndawaimbira kuntchito kwawo, kutali uko komwe akumanga msewu. "Adokotala apabanja! Ine ndili gwa, ndanenepa ngati nduna." Ati akubwera Lachiwiri, akhala pakhomo mwezi wathunthu.

PrEP imafuna masiku asanu ndi awiri kuti igwire. Lachiwiri mpaka Lachiwiri. Alamu anachita kuwerengera pa zala. Sindikudziwa anapeza chiyani m'chikwama cha amuna awo, koma masamu awo anali olondola kuposa anga.

Lachisanu, 7 Malichi

M'mawa ndawauza Abusa kuti mayi aja ndi alamu anga, ndiwapatsa ndekha, amene akufuna ulaliki akamve Lamlungu. Angondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Masana ndaimba. "Alamu, bwerani ndi kalata ija lero lomwe. Masiku anayi si asanu ndi awiri, koma tiyambepo."

Iwo motsitsa: "Zikomo alamu. Ntchito yawo yatha msanga. Afika dzulo usiku."

Chakumbuyo kwawo mawu a achimwene, osangalala kwabasi: "Ndani ameneyo? Adokotala? Bweretsa kuno ndiwapatse moni!"