Beira, Keziah Asanatengedwe

Lolemba, 17 Novembala

Ndilembe msanga, mawa ndingadzati ndinalota. Bambo a Keziah afona m'mawa ali ku Beira, thiraki ili pamzere wa feteleza kudoko. Akuti abwana awo alola, ulendo wa Disembala anditenge ine ndi mwana. Sabata yathunthu. Kunja kwa Malawi, ine! Ine amene malire anga ndi Lunzu uku, Thyolo uko.

"Mama, uzikonzeka. Ukaone kumene ndimathera matayala." Za mapepala a paboda akuti ndiwasiyire iwo.

Nyanja ya mchere. Akuti madzi ake amanyamuka okha kupita kutali, mchenga n'kutsala pamtunda, kenako n'kubwereranso. Ndati aMackford, musandiyese mwana. Aseka mpaka bandulo yanga yatha.

Keziah miyezi inayi tsopano. Bambo ake anamuona komaliza mu Seputembala. Tsiku limenelo sanamutsitse, ndi chakudya chomwe anadya ali naye pachifuwa.

Ku Zingwangwa kuno kutentha. Mpopi wouma kuyambira dzulo.

Lachitatu, 19 Novembala

Takangana, koma kukangana kokoma. Iwo akuti tiyambe ndi mtauni. Msika waukulu, nsalu zosasuluka, tinjinga ta mawilo atatu tonyamula anthu, tchalitchi chakalekale cha Apwitikizi. Akuti mumsika anthu amayankhula Chisena ngati malemu amayi anga a ku Nsanje. Apo mtima unagunda. Kumvanso wina akundiitana momwe ankandiitanira amayi.

Komabe ndati tauni ndili nayo kale, Limbe si iyi? Fumbi, mahutala, anyamata okoka zikwama. Ine ndikufuna madzi. Akuti yayi, munthu sungafike dziko la eni n'kungokhala pamchenga ngati bwato lobooka. Tagwirizana theka mtauni, theka kunyanja. Koma kunyanja kukhale komalizira, kuti ndibwere nako m'maso.

Zoona zake, si madzi okha. Ndikufuna kuwaona atakhala pansi. Injini itazima, foni itazima, opanda wowaitana kuti katundu wakwana. Iwo, ine, Keziah pakati. Chikwatirane sindinawaonepo atakhala malo amodzi mpaka dzuwa kulowa.

Loweruka, 22 Novembala

Ku Limbe pa kaunjika ndi aRuqayya, aneba anga ogulitsa samusa. Ndapeza kachipewa ka Keziah ndi diresi yanga ya buluu yong'ambika pang'ono m'khwapa. Ndisoka. Mtengo wa zinthu, Ambuye. Sopo ndamusiya, adikire.

ARuqayya kundiseka msewu wonse. "Ndiye m'madzimo ukalowa ndi chiyani, chitenje cha chipani? Anzako kumeneko amasamba ndi tizingwe." Ndati tizingweto akavale okha, ine ndikanyowetsa mapazi basi. Akuti ndidzawatengere kokonati, ndikaiwala ndisadzawapatsenso moni.

Tili mu minibasi anayang'ana m'chiuno mwa Keziah, n'kundifunsa chapansipansi ngati mwanayu tinamutenga kale kumphasa. Ndati ayi, bambo ake ali pamsewu, tikanamutenga liti? Potsika pa Kudya ndiye akuti, "Usanasoke diresiyo, kaonane ndi azakhali ako."

Chimwemwe chonse chinathera pa siteji.

Lachiwiri, 25 Novembala

Ku Chilomoni kwa azakhali aMagdalena. Ndiwo anandilanga pa ukwati, amayi kulibe. Chitunda chija ndi mwana kumbuyo, thukuta mpaka m'maso.

Sanazungulire. Mwana wosatengedwa ndi wozizira. Chibadwire chake ine ndi bambo ake sitinabwererane pamphasa imodzi, ndiye mwambo wake. Tsono ku resitihausi bedi ndi limodzi. Akuti ulendo usanachitike timutenge kaye mwanayo mwadongosolo, iwo adzatilangiza, adzamumanga kamkuzi m'chiuno. Zikatero pitani ngakhale ku Ulaya.

Koma pali china. Bambo akakhala kuti anagona kwina, ndi wotentha. Akanyamula mwana wozizira amamusempha. Mapazi kutupa, masaya kutupa, tsitsi kufiira, mwana kumangonyentchera. Tsempho. Ndipo kumutenga kumphasa bamboyo asanaulule ndi kusamba mankhwala, ndiye kumudula kumene.

Ndati aMackford si otero. Azakhali akuti, "Sindinati ndi otero. Ndati ndi a pamsewu. Akafika usawayang'ane pakamwa, uwayang'ane manja."

Kusikelo anesi amati tsempho kulibe, ndi kuperewera kwa chakudya m'thupi. Mwina. Koma mwana wa msuweni wanga ku Bangwe ndinamuona ndi maso angawa, mapazi ngati mabanzi. Tinakamuika. Anesi akhoza kukhala olondola, azakhalinso akhoza. Ine mwana ndili naye mmodzi, woyesera ndilibe.

Lachinayi, 27 Novembala

Ali pa Tete. Atumiza mawu, akuti ku Beira apeza malo ogona pafupi ndi nsanja yowunikira zombo, ukatsegula windo mafunde ali pompo. Akuti tikadya nkhanu zokazinga ndi ndimu. Ndamvetsera kambirimbiri, foni pakhutu, mpaka Keziah wayamba kuilanda.

Diresi ndasoka. Ndayesa, ikukwana.

Mulungu, akafika athamangire mwana.

Lamulungu, 30 Novembala

Afika masana tikuchokera kutchalitchi.

Kokonati, nsomba zouma, nsalu yachikasu ya ine, tinsapato ta Keziah tosamukwana mpaka chaka chamawa. Aonda. Ndevu. Fungo lawo lomwe lija. Ndinafuna kulira pakhomo pomwepo.

Ndinamasula mwana kumbuyo, ndamutembenuza kuti awaone. Keziah kuseka, timanja m'mwamba. Iwo, "Iii, dona wakula!" Manja m'thumba.

Ndati mulandireni. Akuti manja ali ndi dizilo, asambe kaye. Ndawapatsa madzi ndi kachidutswa ka sopo kotsala. Asamba. Adya. Amuseweretsa ndi makiyi a thiraki, kuwalizaliza patali, dzanja lotambasula ngati akudyetsa galu wa eni.

Mpaka pano sanamukhudze.

Mwina kutopa. Tete ndi kutali, dzuwa lake limaphika mutu.

Lolemba, 1 Disembala

Lero akuti chimfine, angamupatsire. Sindinamve akutsokomola ngakhale kamodzi.

Za Beira ndiye pakamwa sipakuuma. Tsiku loyamba msika, lachiwiri tikaone zombo kudoko, akandigulira ayisikilimu wa kokonati. Akuyankhula mothamanga, maso ali kudenga. Ine kumangoti eya, eya.

Ndinamugoneka Keziah pamkeka pafupi ndi mapazi awo, ine n'kutuluka ngati ndikukaanula matewera. Ndinasuzumira pawindo. Mwana analira. Anagwada, nkhope pafupi ndi yake, kumuyimbira kanyimbo ka kwawo ka Chitumbuka, manja atawapinda kumsana ngati womangidwa. Kenako anandiitana, "Mama, bwera, akulira."

Ndinathamanga kukamunyamula. Ndinathamangadi. Ndiye kuti nanenso ndikuopa manja awo.

Akamunyamula ndifa ndi mantha. Akapanda kumunyamula, ndiye ndadziwa. Ndipemphere ziti?

Lachitatu, 3 Disembala

Keziah thupi moto kuyambira m'mawa, kutsegula m'mimba. Choyamba ndinamudina mapazi ndi chala. Osatupa. Ndinadinanso. Ndinawafunsa mokuwa, mwamugwira? Mwamugwira ine kulibe? Anangoti, "Yayi, mama. Ndikulumbira." Sanafunse kuti bwanji ukufunsa zimenezo. Munthu wosadziwa kanthu akanafunsa.

Kuchipatala mvula ili pamutu. Iwo chikwama, ambulera, botolo la madzi. Ine mwana. Pamzere mayi wina wachikulire akuti, "Abambo inu, landirani mwanayo mkazi wanu apume, mwangoima ngati mlonda bwanji?" Anthu kuseka. Iwo anatulutsa foni yosalira n'kupita panja.

Malungo alibe. Atipatsa thanzi ndi timapiritsi. Pofika madzulo wayamwa bwino, wagona.

ARuqayya anabwera ndi phala. Ndawauza zonse. Akuti, "Usafunse, mwana iwe. Wofunsa amamva. Pita kunyanja, ukadye nkhanu zako, ubwere wonenepa." Ndati nanga mwambo, tikamutenga bwanji mwana chonchi? Anangonditsina tsaya n'kunyamula mbale yawo.

Ndikufunabe kupita. Manyazi ake. Ndi zonsezi, ndikatseka maso ndikuona mchenga.

Lachisanu, 5 Disembala

Anadzuka m'mamawa, akuti akupita kudepoti. Abwera dzuwa lili pamutu, kumbuyo kwawo azakhali aMagdalena ndi kajumbo kakuda. Sindinawatume ine. Anapita okha ku Chilomoni, mwamuna wamkulu, kukakhala pansi pamaso pa azakhali anga.

Palibe anandiuza kanthu. Panalibenso chondiuza.

Azakhali ananyika mizu m'beseni. AMackford analowa nalo kubafa. Madzi ena azakhali anamusambitsa Keziah, ena anamudonthezera pakamwa. Ine ndinangoima pakhomo la khitchini ndi chikombe m'manja, osadziwa kuti ndachitengeranji.

AMackford atatuluka, azakhali anandibwezera mwana n'kunena kuti, "Mpatse."

Ndinamupanikiza pachifuwa. Anabwerezanso. Ndinamupereka.

Anamulandira ngati dzira. Anamununkhiza m'mutu, m'khosi, timapazi tonse tiwiri. Keziah anawagwira ndevu, kukoka. Iwo misozi mbwembwembwe, kuseka ndi kulira pamodzi. Sanamutsitse mpaka dzuwa kupendeka. Chimene ndakhala ndikupempha sabata yonse ndi chimenechi. Ndachiona. Chikuwawa ngati chilonda chothira mchere.

Powaperekeza ku siteji azakhali akuti, "Wobisa ndiye amapha mwana. Uyu wasankha manyazi kuti mwana akhale moyo. Za mwana zatha. Zotsalazo ndi zako, ine sindikusankhira."

Mapazi a Keziah ndadinanso. Ali bwino.

Loweruka, 6 Disembala

Azakhali afona, akuti mwambo wa kumphasa tsopano ukhoza kuchitika. Ndati adikire kaye.

AMackford akutunga madzi, akonza chitseko chimene chakhala chikugwa chaka chonse. Akuyenda m'nyumba ngati mlendo. Sitikuyang'anana. Tikuyankhulana kudzera mwa mwana. "Uwauze amayi ako tiyi wapsa." "Uwauze adadi ako ndamva."

Ndawasowa ali pompano. Kuposa mmene ndimawasowera ali ku Beira.

Lolemba, 8 Disembala

Thiraki inyamuka Lachinayi. M'mawa andifunsa, Keziah ali pamwendo pawo, "Mama, tipitabe?"

Dzina la mkaziyo sindinafunse. Kangati, sindinafunse. Nkhope, msinkhu, ayi. Ndinaganiza kuti mkaziyo akakhala wa mtauni, tauniyo ndiisiya, sindinaifune n'kale. Tikangotsika n'kulunjika kumadzi, masiku onse kumeneko, ine ndi iwo ndi mwana. Ndiye ndinafunsa chimodzi chokha. Amakhala mbali iti, mtauni kapena kunyanja?

Keziah akuwayamwa chala.

"Kunyanja."

Amagulitsa chakudya pamchenga pomwepo, pafupi ndi nsanja ija. Nkhanu zokazinga ndi ndimu.

Sindinakuwe. Ndinapita kuseri, ndachapa matewera oyera kale.

Nditabwera ndawauza kuti tipita. Azakhali abwere mawa, mwana atengedwe. Sindisiya mwamuna wanga abwerere yekha kumeneko, akandione nane anthu a ku Beira kuti ndilipo, ndi mwana kumbuyo. Koma tikakhala mtauni masiku onse. Msika, tchalitchi, mahutala, fumbi. Avomera msangamsanga, mutu uli pansi.

Ndiye ndidzafika mpaka ku Beira, ine, n'kubwerako nyanja osaiona. ARuqayya akadzafunsa kuti madzi aja amachokadi okha, ndidzati chiyani? AMackford anandiuzapo kale kuti ngakhale uli pakati pa tauni, mphepo ikatembenuka mchere umamveka m'mphuno. Maso ndingatseke. Koma mphepoyo ikadzatembenuka ine ndili mumsika, sindikudziwa ngati miyendo yangayi idzandimvera.