Mpando wa Kumanzere

Loweruka, 14 Juni

Masipuling'i ndi mashoko atsopano afika. Mabokosi awiri, kulemera ngati muli miyala. Noreen, mkazi wanga, waona mtengo wake, wangoti, "Ndiye kuti denga la kukhitchini lidontha chaka chinanso." Lidonthe. Pansi pake pali ndowa.

Tsiku lonse m'galaja, kuzizira koopsa, zala kuchita kuuma. Ka Mazda kanga pa majeke. Mashoko akale anali atatheratu, n'chifukwa chake pokhota kamapendama ngati bwato. Mpikisano wa magalimoto wa kalabu yathu pa bwalo la ku Winton uli pa 20 Seputembala. Chaka chino anyamata aja adziwa kuti zaka 67 si matenda.

Lamlungu, 29 Juni

Matayala. Ndasiya a 195, ndaika a 225, otambalala, ofewa, omata pa tala ngati chingamu. Koma akumbuyo akukhula madigadi. Stavros, makaniko wanga, wabwera ndi chitsulo chake chopindira madigadi, pakamwa osatseka: "Mdala, wakaveka kamwana nsapato za bambo ake." Ndamuuza kuti agwire ntchito, mowa uli mufirijiwo si waulere.

Zonse zikatha, ku masikelo ake. Tayala lililonse pa sikelo yakeyake, woyendetsa atakhala pampando, iye n'kumakweza kapena kutsitsa masipuling'i mpaka kulemera kugawike bwino. Galimoto yothamanga imasokedwa pa thupi la mwini wake ngati suti. Sindikugona nacho chimwemwe.

Lachinayi, 10 Julayi

Kangaru pa msewu wa ku Benalla, masanasana. Noreen kukuwa. Ine kumuona ali kale kutsogolo kwa boneti. Noreen akuti anachokera kumanzere, kudumpha munda wonse poyerayera. Sitinamugunde. Tikutsika pakhomo, Noreen: "Warwick, ukaonana ndi dokotala wa maso, ndipo usandiyankhe."

Kangaru ndi chitsiru, aliyense amadziwa.

Lachitatu, 30 Julayi

Kwa dokotala wa maso. Mutu m'chimakina, diso limodzi lotseka, kabatani m'manja. Ukaona kakuwala, dina. Ndinadikira, kudikira. Ndimati makina awonongeka. Sanawonongeke.

Dokotala wake mtsikana, wamng'ono kuposa Tamsin mwana wanga, kulankhula mofatsa ngati ndine dzira. Mitsempha ya maso ikufa kuyambira m'mbali. Mankhwala odonthezera aimitsa matendawa, koma zomwe zapita zapita. Kuyendetsa pamsewu ayi. Pabwalo la mpikisano ndiye osayerekeza n'komwe.

Ndinamuuza kuti chiyambire sindinagundepo ngakhale nkhuku. Anati, "Ndikukhulupirirani, bambo." Bola akanandikalipira.

Pobwerera anayendetsa Noreen. Amasintha giya mochedwa. Ndinangoluma mano.

Lamlungu, 3 Ogasiti

Sindinalowe m'galaja.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndalowa. Fungo la matayala atsopano, timinga tawo ta labala tisanathothoke n'komwe. Ndinakhala pampando, manja pachiwongolero, chitseko cha galaja chotseka. Ndalira ngati mwana, ine, nkhalamba yonseyi. Zikundiwawa. Mawondo ali bwino, mtima uli bwino, manja akudziwa kona iliyonse ya bwalo lija. Maso okha basi!

Galimotoyo ndaiika pa malonda. Waimba mnyamata wina, akufunsa ngati ndingachotse masipuling'iwo n'kubwezera akale, ati chibwenzi chake sichifuna galimoto yolimba pansi. Ndamudulira foni. Akagule sofa.

Loweruka, 23 Ogasiti

Tamsin wabwera kuchokera ku Melbourne, mayi ake amuuza zonse. Kulowa m'galaja opanda moni: "Adadi, mukaigulitsa sindidzakulankhulaninso. Pa 20 ndiyendetsa ndine."

Ndinamuphunzitsa ndekha ali kamtsikana. Laisensi ya kalabu ali nayo. Dzanja lake ndi labwino kuposa langa, koma zimenezo sadzazimva kwa ine. Ndinamuponyera makiyi, ndinati atenge, koma asandiitane kukaonerera. Ine kukaima kuseri kwa mpanda, soseji m'manja, galimoto yanga ikudutsa? Ayi ndithu. Ndikhala pakhomo ndizimvera ndowa ikudzaza.

Anatola makiyi n'kutuluka. Mtima wa mayi ake weniweni.

Lolemba, 1 Seputembala

Noreen wandisiya pa sitolo ngati katundu, adzanditenga akamaliza zake. Ndinakhala pa benchi kuwerenga magalimoto a eni.

Loweruka, 6 Seputembala

Ku masikelo. Sindimafuna kupita, koma momwe ndinachunira mashoko ndikudziwa ndine ndekha. Galimoto pa masikelo anayi. Tamsin pampando wanga, helemeti kumutu, mpando atausendeza kutsogolo. Ndinayang'ana pansi. Stavros lero nthabwala palibe.

Atangogwira sipanala, Tamsin anati adikire. Kutsegula chitseko cha kumanzere. "Adadi, lowani uku."

Stavros anamuuza mosabisa kuti pa mpikisano salola wokwera, ndipo akaichuna muli anthu awiri, iye n'kukathamanga yekha, izikakhota bwino mbali imodzi yokha. Tamsin anati mpikisanowo wausiya. Walembetsa tsiku loyeserera, lomwe amalola anthu awiri. Chikho palibe, nthawi sawerenga. "Ine bwalo lija sindilidziwa ngati iwowa. Azikandiuza poponda buleki."

Bodza. Amalidziwa bwino lomwe.

Ndinati ndikane. Ndinalowa. Lamba wa mbali imeneyo sindinamumangepo chigulire galimotoyi, ndinalimbana naye mpaka anandimangira Tamsin. Galimoto inatsika pang'ono mbali yanga. Stavros kuyang'ana manambala, kupukuta mphuno ndi mkono: "Mdala, khala phee, ukundisokonezera sikelo."

Ndinayesetsa. Mapewa anakana, kulira kunandipambana.